Tinasiya Makina Akulira ku Manda

Kwathu kuno kwa Kanduku, mvula ikatha udzu n'kuyamba kufiira, timakalambula ku manda. Amuna amalowa ndi zikwakwa ndi makasu. Ife amayi timatsala kunja, m'mbali mwa njira, kuwaphikira. Aliyense wolowa amavula nsapato n'kuzisiya pa mwala waukulu umene uli polowera. Ndinazipeza zili choncho, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake.

Chaka chimene ndikunenachi njinga zamoto za kabaza zinali zisanafike kwathu. Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anali atakwatira kale, mkazi wake ali ndi khanda kumsana. Ankagwira ntchito yosamalira pabwalo kwa bwana wina ku boma, mmodzi mwa anthu aja othandiza amalole kuolotsa katundu pa malire. Bwanayo anali ndi makina otchetchera udzu, aja a mpini wautali ngati nsungwi, injini kumbuyo, kutsogolo chitsulo chozungulira chakuthwa mbali zonse. Mwana wanga anawabwereka, bwanayo n'kuvomera ndi mtima umodzi. Anafika atawamangirira pa njinga, majombo ali kuphazi, nkhope ili mwee.

"Amayi, chaka chino amalume asathyoke msana," anatero. "Dzuwa lisanafike pamutu tikhala tamaliza."

Ndinanyadira, ndisaname. Mayi wake uti sangakondwe mwana akabwera ndi chinthu chopeputsira abale ake ntchito?

Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba yathu, anawayang'ana makinawo nthawi yaitali. Ndi munthu wofatsa, sindinawamvepo akukalipa. Panalinso bambo wina wachikulire wa mudzi woyandikana nafe, mdzukulu wathu, amene amatikumbira manda maliro akatigwera. Adzukulu amaloledwa kutinena mmene angafunire, ife kwathu n'kuseka basi.

"Mwabwera ndi chigayo?" anafunsa bamboyo. "Anthuwa anagona kalekale. Mukufuna adzuke akufunseni za mbuzi zawo zimene munadya?"

"Agogo, mukungoopa kuti ntchito ikutherani," anayankha mwana wanga.

"Ine ntchito singandithere, mwanawe. Nonse mwaimirira panonu ndinu makasitomala anga."

Tinaseka mpaka misozi. Kenako mwana wanga ananyamula makina n'kuyamba kulowa. Achimwene anamugwira paphewa.

"Mphwanga, nsapato."

"Amalume, makinawa amafuna majombo. Amalasa miyala."

"Ndamva. Koma agogo ako agona m'menemu. Tikawaponde ndi majombo? Ife tonse tavula."

Anayankhula motsitsa, ngati akupempha. Mwana wanga anayang'ana mzere wa nsapato pa mwala paja, mapatapata, nsapato zamatayala, zina zosokedwa ndi waya. Anawerama, n'kuvula, n'kuika majombo ake kumapeto kwa mzerewo.

Manda athu ali pa mtsetse, m'kati mwa mitengo ikuluikulu imene palibe amaidula. Ndi malo a zii. Ngakhale ana opulupudza akamadutsa pamenepo amatsitsa mawu okha osauzidwa. Makina aja atalira, mbalame zonse zinabuka nthawi imodzi m'mitengo muja, zambiri kuposa mmene ndinkaganizira kuti zimakhalamo. Zinazungulira m'mwamba n'kulowera cha ku Mozambiki. Phokosolo linkagunda phiri n'kubwerera, moti zinkamveka ngati makina alipo awiri, ena m'manda, ena kumbuyo kwathu. Amayi tinasiya macheza. Amene ankasenda maungu anapitiriza kusenda, koma maso ali ku mitengo.

Mwa apo ndi apo kunkamveka ngwe! ngati chitsulo chagunda chinzake. Tinkadziwa chimene chinali. Kale munthu akaikidwa, pa mtumbira pake ankasiyapo mbale kapena kapu yake, ataiboola ndi msomali kuti wina asatole. Zaka zikamapita mitanda yamatabwa imadyedwa ndi chiswe, mbale zija n'kumira mu udzu. Wa chikwakwa amaziona, poti amayenda chowerama, pang'onopang'ono, ndipo akazipeza amazipukuta n'kuzibwezera. Makina alibe maso.

Kenako kulira kwa makina kunasintha. Sikunaleke ayi, kunakwera, kunaonda, ngati nkhumba imene yamangidwa miyendo. Sitinamve munthu aliyense akukuwa. Tinangoona amuna akutuluka m'mitengo akuthamanga, kudutsa nsapato zawo osaziona n'komwe. Pambuyo pawo achimwene ndi mdzukulu uja anatulukira atanyamula mwana wanga, mwendo wakumanja ukusiya magazi pa udzu.

Koma makina ankalirabe m'kati muja.

"Wagwira makinawo ndani?" anafunsa mayi wina.

"Palibe," anayankha mmodzi mwa amunawo, akupuma mwabefu.

Ndinadzamva pambuyo pake mmene zinakhalira. Chotchinga cha pamwamba pa chitsulo chija mwana wanga anali atachichotsa, ati udzu wautali umakodwamo. Ndipo poti chala chimatopa kufinya pogwirira, anali atamangapo mphira ya chubu kuti makina azingothamanga okha. Ndiye atagwa n'kuwataya, makinawo sanadziwe kuti mwini wake wagwa.

Anamugoneka pa njira. Pamwamba pa kakolo, cham'mbali, panali patalowa chitsulo chadzimbiri, nsonga yake yokha ikuonekera. Mtsikana wina anatambasula dzanja kuti achizule.

"Osazula!" anakuwa mdzukulu uja. "Chisiyeni momwemo, ndi chimene chatseka magazi."

Ndinang'amba chitenje changa n'kumanga mozungulira balalo, pakamwa ndikungoti Yesu, Yesu. Milomo ya mwana wanga inali itayera ngati wadya ufa.

"Amayi, makina a bwana," ananong'ona. "Pali kabatani kofiira. Azimitse."

Bambo wina analimba mtima n'kulowa. Sanachedwe, anabwerera. Anati makinawo akuzungulira pansi okha, akudumpha, akumwaza dothi ndi miyala, sangayandikirike. Wina aliyense sanayeserenso.

Anamukweza pa njinga, amuna awiri akukankha, wina atagwira mwendo m'mwamba. Mdzukulu uja ankayenda pambali akumumenya masaya pang'onopang'ono.

"Iwe, usagone. Lero msana ukundipweteka, sindikumbira munthu. Ukafuna kufa udikire ndichire."

Mwana wanga anayesa kumwetulira. Ine ndinali kumbuyo, ndipo m'makutu mwanga munali makina aja. Tinatsika mtsetse akulira. Tinadutsa minda ya nandolo akulira. Tinaoloka kamtsinje, mphepo ikatembenuka ankamvekabe, kutali, ngati munthu amene akuitana osatopa. Ku manda kunalibe munthu wamoyo ngakhale mmodzi. Chakudya chija chinatsala pamoto.

Pa chipatala chaching'ono cha ku Thambani anamubaya jekeseni wa kafumbata, anamanga bwino, n'kutiuza kuti mitsempha yakhudzidwa, tithamangire ku boma. Mulungu anatipatsa galimoto ya matola imene inali itangotsitsa katundu. Dalaivala wake sindimudziwa mpaka lero, koma ndimamutchula m'mapemphero.

Ku boma anamulowetsa m'chipinda, ine n'kukhala pa benchi. Patapita nthawi nesi anatuluka ndi kambale kachitsulo.

"Mayi, taonani chimene chinali m'mwendo mwa mwana wanu."

Chinali chibenthu chotalika ngati chala, chopindika. Mbali imodzi dzimbiri lokhalokha. Nesi atachitembenuza ndinaona utoto woyera, mkombero wobiriwira, ndi theka la duwa lofiira.

Ndinaidziwa mbale imeneyo. Inali ya malemu amayi anga. Ndinaitsuka ku mtsinje kuyambira ndili mtsikana, ndipo tsiku limene tinawaika ndine amene ndinaitenga m'nyumba n'kuipereka kwa adzukulu. M'manda monse muja, mbale zambirimbiri, chinabwera ndi chibenthu cha mbale imeneyo.

"Ndingatenge?" ndinafunsa.

Nesi anandiyang'ana modabwa, koma anachitsuka n'kundipatsa. Ndinachimanga pa mfundo ya chitenje.

Masiku otsatira mwendo unatupa mpaka m'bondo, khungu kuwala ngati lapakidwa mafuta. Thupi linkatentha. Adokotala, bambo wa kumpoto wolankhula Chichewa chokoma, ankabwera m'mawa uliwonse ndi kasingano n'kubaya zala za kuphazi chimodzichimodzi.

"Mukumva, achimwene?" ankamufunsa mwana wanga.

"Ayi."

"Gwedezani chala chachikulu."

Chala chili duu.

Anandiitanira pakhonde n'kundiuza mosabisa. Dzimbiri ndi dothi zinalowa kwambiri. Mankhwala akupereka, koma phazi likapitiriza kufa adzamutumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko mwina adzadula kuti apulumutse munthu. Mwana wanga anamva yekha, makoma a chipatala sabisa mawu. Anatembenukira kukhoma. Ntchito yake inali ya miyendo, njinga yake ya miyendo, khanda lake linali lisanayambe n'kukwawa komwe.

Abale obwera kudzazonda ankanong'onezana pakhomo. Ati agogo akwiya, ati phokoso lija linawasowetsa mtendere. Ine ndine munthu wopemphera, ndinkawayankha kuti amayi anga anamubereka kumsana mwana ameneyu, ankamutafunira mbatata, sangamulase. Ndinkanena choncho ndipo ndinkakhulupirira. Koma ndikagwada pambali pa bedi, chibenthu chija chinkandikhudza m'chiuno, chozizira ngakhale dzuwa litatentha, ndipo pemphero linkandisokonekera pakati.

Achimwene atabwera anakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja. Anandiuza kuti makina analira mpaka mafuta atatha. Atalowa kukawatenga anawapeza atazika mutu m'mbali mwa mtumbira wa amayi, atafukula dzenje lolowa mkono. Anakwirira okha ndi manja.

"Mlongo wanga, ndine ndinamuvula majombo mwanayu."

"Achimwene, inu munkalemekeza amayi. Palibe amene ankafuna zoipa tsiku lija."

Ndinamasula mfundo n'kuwapatsa chibenthu chija. Anachizindikira nthawi yomweyo.

"Mukachibwezere pamalo pake," ndinatero. "Mukawauze amayi kuti mdzukulu wawo akudwala, ife tikupemphera."

Anachikulunga m'kansalu n'kuchiika m'thumba la malaya. Asananyamuke anati akakhala pansi ndi mbumba yonse: makina akadzalowanso ku manda, azidzayamba anthu kutola mbale ndi mabotolo ndi manja, ndipo wogwira makinawo adzavale majombo ake, akufa adzamvetsa.

Tsiku lina masana, odwala ambiri ali m'tulo, kunja kwa windo kunalira makina. Mtima wanga unalumpha. Ndinasuzumira. Anali bambo wosamalira pabwalo la chipatala, akukankha makina a matayala pa kapinga. M'mawa ndinali nditamuona akuyendayenda pa kapingapo ndi chidebe, akutola miyala ndi zitini, ine osadziwa kuti akukonzekera chiyani. Tsopano anali m'majombo, magalasi kumaso, akukuwira ana a odikirira odwala kuti apite kutali.

Ndinatembenuka kuti nditseke windo. Mwana wanga anali atadzuka, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, manja atakakamira chitsulo cha bedi. Makinawo atayandikira khoma, thupi lake lonse linadzikoka ngati akufuna kuthawa. Maso anga anagwera kumapazi, kumene bulangete linali litasendeka. Zala za phazi lotupa lija zinali zitapindika.

"Bambo, taona phazi lako!"

"Chiyani, amayi?"

"Zala! Tagwedezanso."

Analuma mano. Chala chachikulu chinasuntha pang'ono, ngati mbozi pa tsamba. Ndinathamanga m'khonde wopanda mpango kumutu, ndikuitana nesi. Mayi wina wodikirira mwamuna wake pa bedi loyandikana anayambitsa nyimbo yotamanda, ine kulephera kuimba, ndikungolira.

Adokotala atabwera anabaya ndi kasingano kaja, mwana wanga n'kukuwa kuti mayo. Adokotala anaseka.

"Kuwani ndithu, achimwene. Kukuwa kumeneko ndi kumene ndimafuna." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, tisathamange. Koma za ku Blantyre tiyambe taziika pambali."

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono, ndipo mwendo sanadule. Ndimathokoza Mulungu, ndimathokoza manja onse amene anamugwira, kuyambira pa njira ya ku manda mpaka pa bedi lija.

Phazilo silinabwerere mwakale. Amalikoka pang'ono. Bwana wake anamulandiranso, ndipo pa njinga amapalasa, ngakhale pokwera mtunda amatsika n'kukankha. Masiku ena amadutsa pakhomo panga m'mamawa ine nditapita ku mjigo. Ndikabwerera ndimapeza pabwalo pomwe ndinasesa pali mapazi a mwendo umodzi, pambali pake mzere wautali wokhwekhwereza, kuchokera ku njira mpaka pakhonde. Alendo amadabwa, amafunsa ngati padutsa njoka. Ine ndimatula ndowa, n'kuima kaye, ndikuuyang'ana mzerewo ndisanalowe m'nyumba.