Ngolo ya a Stelia Mzamba

Kumadzulo kwa Mkanda kuli mudzi umene malire a Malawi ndi Zambia amadutsa kuseri kwa nkhokwe. Nyumba zili ku Malawi, minda yambiri ya mtedza ili ku Zambia, ndipo nkhuku zimawoloka tsiku lonse popanda wozifunsa pasipoti. M'mudzimo munali mzamba wina, a Stelia, wamfupi koma wa mawu omveka mpaka kudambo.

A Stelia anabadwira kumunda. Mayi awo anapita kukakumba mtedza kutsidya kwa malire, matenda n'kuwayamba komweko, ndipo anakhala mumsasa mpaka mchombo unagwa, n'kuukwirira pansi pa msuku. Paubwana anzawo ankawanyoza a Stelia kuti mlendo, iwo n'kukhulupirira. Anakula, anakwatiwa ndi a Laston, anabereka ana asanu, komabe galimoto ya boma ikalira pamsewu ankathawira m'nyumba.

N'chifukwa chake atayamba uzamba analumbira kuti mwana aliyense wodzera m'manja mwawo adzabadwira ku Malawi. Mayi woyembekezera akadwalira kumunda, a Stelia ankatulukira ndi ngolo, a Laston ali pachikwapu, n'kumukwezamo mwachangu.

"Limba mtima mwana wanga, usakankhe! Chipilala cha malire si icho!"

Ngolo inkadumpha mizere, fumbi koboo. Amayiwo ankawatukwana a Stelia njira yonse, koma pakatha sabata n'kuwabweretsera nkhuku.

Pa riferendamu ya 1993 a Stelia ananamizira mutu n'kugona m'nyumba. Koma kalembera wa chisankho atafika chaka chotsatira, zinawawawa zedi. Ana amene anawalandira ndi manja awo akasankha pulezidenti, iwo n'kutsala pakhonde? Vuto linali loti bodza sankalitha, ndipo ankadziwa ndithu kuti akaulula kobadwira, boma likawatula ku Chipata, kumene sankadziwa ndi galu yemwe. Anamanga zitenje ziwiri ndi kapoto pamtolo, natsanzika a Laston, n'kupita kukaima pamzere kusukulu.

Wolemba mayina anali Eneya, mphunzitsi wa m'mudzi momwemo.

"Munabadwira kuti, amayi?"

"Lemba zoona, mwana wanga. Ku Zambia, kumunda. Katundu ndamanga kale."

"Nanga bambo ndi mayi anu anali akuti?"

"Akonkuno. Manda awo sukuwadziwa, kuseri kwa dambo?"

"Ndiye inu ndinu Mmalawi chibadwire," anatero Eneya. "Lamulo limafunsa makolo. Kodi mbuzi yanu ikaswera m'munda mwa eni, kamwanako kamakhala ka eni munda?"

"Angayerekeze!"

Atangoyankha choncho, a Stelia anatula mtolo uja pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ngolo ija…"

"Amayi anga msana ukuwapwetekabe mpaka lero," anatero Eneya akulemba. "Paja ine ndinabadwira m'ngolomo, ng'ombe zili ku Malawi, mateyala ali ku Zambia."

Mzere wonse unafa nacho chikhakhali, makamaka amayi amene anaikwerapo ngoloyo. A Stelia anaseka nawo mpaka misozi, koma misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi anakhala mwamantha ngati wobisala, pamudzi pawo pomwe. Tsiku lovota anali oyamba pamzere, ndipo chala cha inkicho anachionetsa kwa aliyense, ngakhale kwa amene anali nacho chawo.

Mwezi wotsatira, anthu ali pakalikiliki kukumba mtedza, uthenga unafika kuti Rhoda, mdzukulu wa mchemwali wawo, wadwalira kumunda kutsidya. A Laston anathamangira kukhola ndi goli monga mwa masiku onse.

"Zisiyeni ng'ombezo zidye," anatero a Stelia. "Inu nyamulani madzi."

Anayenda wapansi, beseni lili pamutu, nadutsa chipilala chija osachiyang'ana n'komwe. Mwanayo anabadwira mumthunzi, chapafupi ndi msuku wakale uja. A Stelia anamupukuta, namufunditsa chitenje chawo, n'kumunyamula m'mwamba.

"Lira momasuka, iwe," anamuuza. "Palibe akuthamangitse."