Mbalagha ya mlamu wanga

Mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wawo wa amuna anga, ndinkamuchitira nsanje, ndipo sindibisa. Iye ndi mwana wa ku Misuku, pomwe ife tinachokera ku Ntcheu kudzatsegula golosale pamsika wa pa Boma. M'mawa uliwonse ankamwa khofi wakuda bii asanadye kanthu. Msana ukamuwawa ankameza mapiritsi awiri opha ululu ogula pamsika pomwepo, basi tsiku layamba. Ine ndi matenda anga a shugawa ndinkangoyang'ana, nditagwira kapu ya tiyi wosatsekemera.

Khofiyo ndikanapirira. Chomwe chinkandiwawa ndi amuna anga. Chiyambireni matendawa, ndiwo zanga zinasanduka za kuchipatala, mafuta pang'ono, mchere wongonunkhiza. Bambowo sankadandaula, koma Loweruka lililonse ankapezeka kwa mng'ono wawo nthawi ya nkhomaliro yeniyeni, kukadya mbalagha, nthochi zimene kuno amaphikira limodzi ndi nyama. Ankabwera thukuta la kambuzi lili pamphuno, n'kunena kuti, "Koma mlamu wanu uja amadziwa kuphika!"

Mawu amenewo ankandibaya mumtima. Ndinatsimikiza zobweza amuna anga ku mbale yanga. Ndinayamba kusenza ndekha mikoko ya nthochi kuchokera kumsika, kuphika mbalagha yothira kambuzi wambiri, ngakhale kumwa khofi wakuda m'mawa kuti ndisamaoneke wodwala. Msana utayamba kuwawa ndinagula mapiritsi omwe aja. Ngati iye amameza osadya, ine ndingalephere bwanji? Ndinatero masabata angapo. M'mimba simunkawawa kwenikweni, munkangolemera.

Tsiku lina ndikupimira munthu mpunga, m'maso munachita mdima. Ndinasanza zakuda ngati khofi wotsalira pansi pa kapu, ndipo anathamangira nane kuchipatala.

Dokotala ataona mapiritsiwo anapukusa mutu. Anandifotokozera kuti shuga akakhalitsa m'thupi amafooketsa timitsempha ta magazi timene timadyetsa khungu la m'kati mwa chifu. Khungulo limachepa mphamvu, mapiritsi otere amalinyula mosavuta, ndipo chilonda chikabwera sichipola msanga. Ngakhale ululu woti uchenjeze munthu umatha kufika mochedwa.

"Nanga mlamu wanga amamwa omwewa bwanji osadwala?" ndinafunsa.

"Nayenso asiye, mayi. Koma chifu chanu si chake."

Ndinatembenukira kukhoma. Kuphika anapatsidwa mlamuyo, ndiye ndi chifu chabwino chomwe n'kupatsidwanso iye yemweyo.

Masiku amene ndinagonekedwa, amuna anga ankadya kwa mng'ono wawo katatu pa tsiku. Zimene ndinkaopa zija ndinazikonza ndi manja anga. Tsiku lachinayi masana mlamu anatulukira ndi mbale yokulunga m'chitenje.

"Mwatandala uli, mulamu? Ndafunsa anesi zoti mungadye. Mulibe kambuzi, mulibe mafuta, idyani pang'ono chabe."

Inali mbalagha yofewa, yotuwa, yooneka ngati ya wodwala. Ndinasangalala mumtima kuti lero lokha waphika zosakoma. Ndinalawa ndikufunafuna cholakwika, koma sindinachipeze. Inkakoma kuposa yanga ija imene ndinavutika nayo mpaka kusanza magazi.

Ndinamaliza yonse misozi ikugwera m'mbale. Iye ankangondisisita pamsana, akuganiza kuti ndi chilonda chikuwawa.