Mai Simbi ndi Buku la Kanjiwa

M'bandakucha, anthu a pamdadada wa nyumba za lendi asanatsegule zitseko, Mai Simbi amakhala atakoleza kale makala. Amawakupiza ndi chivindikiro cha poto mpaka afiire, n'kuwathira m'simbi ndi supuni yakale. Amayala bulangete pathebulo, amawaza madzi ndi zala pa malaya a eni ake, amatchula dzina la Mulungu chapansipansi, ntchito yayambika. Dzina lawolo linachokera pa ntchito yomweyi, ndipo lenileni palibe amene amalifunsa.

Nthawi yositayo inalinso nthawi yowerenga. Mwana wawo wotsiriza, amene onse amamutcha Kanjiwa chifukwa choyenda akugwedeza mutu, ankakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi khomo, pomwe kuwala kumayambira kulowa, buku la kusukulu lili pamaondo. Anali m'kalasi yachiwiri. Pamsonkhano wa makolo aphunzitsi ake ananena kuti mwana wofuna kukwera kalasi yachitatu ayenera kuwerenga yekha kandime ndi kulemba ziganizo zingapo, ndipo kholo lililonse lizimvetsera mwana akuwerenga tsiku ndi tsiku. Mai Simbi anawalandira mawuwo ngati ochokera paguwa. Ana awo akuluakulu onse sukulu anaisiyira panjira. Uyu yekha ndiye ankafuna kuti afike.

Koma iwo eni sankadziwa kuwerenga. Anakulira m'nyumba za anthu akulera ana, ndipo sukulu ankaidziwa polekezera pageti, pomwe ankasiya ana a abwana n'kubwerera kukachapa. Chimene Mulungu anawapatsa ndi khutu. Nyimbo akangoimva kawiri, yalowa. Kukwaya ankagwira buku lotsegula ngati anzawo, akuvundukula tsamba woyandikana naye akavundukula. Sankaliyesa bodza limenelo. Kwa iwo kuwerenga kunali komweko: mawu munthu amasunga mumtima, buku ndi longokumbutsa poyambira.

Choncho buku la Kanjiwa litabwera, anapita nalo kwa atelala, amene amasoka pakhonde la nyumba yoyandikana nayo.

"Achimwene, mundiwerengereko ili lonse mokweza. Masuti anuwo ndikusitirani ndine."

"Mayesowo alembe ndani, achemwali, inu kapena mwana?" anaseka atelala. "Yunifomu ya msinkhu wanu itha nsalu zanga zonse."

Atelala anawerenga ndithu, makina akulira, Mai Simbi akusita n'kumameza mawu onse mpaka tsamba lomaliza.

Kuyambira pamenepo anakhala ndi chomuwongolera mwana. Kanjiwa akafika pa mawu ovuta ankaika chala pansi pake n'kuyamba kuwadula pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira kusukulu. Mai ake zimenezo zinkawapweteka m'makutu.

"Iwe, ukudodomanji ngati wameza fupa? Pamenepo akuti mbuzi yathawa m'khola. Nena bwino timve. Ndipo chotsa chalacho, anthu ophunzira saloza."

Kanjiwa ndi mwana womvera. Anachotsa chala. Posakhalitsa ankawerenga ngati madzi a pampopi, maso ali kumsewu kuonerera njinga zodutsa, tsamba akuvundukula pamalo pake penipeni. Amayi odikira madzi ankaima ndi zidebe kumumvetsera. "Uyu ndi wa pawailesi uyu," ankatero atelala, "musadzatiiwale, bwana." Mai Simbi ankangothokoza mumtima, simbi ikuyenda.

Chaka chili pafupi kutha, aphunzitsi anawaitanitsa. Anavala diresi la kutchalitchi n'kupita. M'kalasimo munali fumbi la choko ndi fungo la ana ambiri, ngakhale anawo anali atatuluka kukasewera. Aphunzitsiwo ndi mai wamng'ono thupi, wa mawu osasa chifukwa chokuwa tsiku lonse. Anamupatsa Kanjiwa buku, ndipo iye anayamba kuthamanga nalo osapunthwa. Mai Simbi anawongola khosi.

Kenako aphunzitsi anatseka bukulo. Anatenga choko n'kulemba pabolodi mawu ochepa a m'buku lomwelo, koma osatsata mmene alili m'nkhani.

"Tawerenga apa, mwanawe."

Kanjiwa anayang'ana bolodi. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana pakamwa pa mai ake, kudikira kuti amuyambire. Panja ana ankakuwa pothamangitsana.

"Mayi, chimene chikundidabwitsa n'chakuti poyamba chaka mwanayu ankayesetsa," anatero aphunzitsi. "Ankaloza ndi chala, ankaphatikiza zilembo, ndinkati uyu wagwira njira. Ndiye anangoleka. Kunyumba amamuthandiza ndani?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Basi, si vuto. Muzimulembera mawu atsopano pakapepala, osati a m'buku okhaokha."

Mai Simbi anayang'ana manja awo, a zipsera za makala. "Aphunzitsi, maso angawa amaona makwinya a malaya okha. Zapabolodizo kwa ine ndi mapazi a nkhuku."

Aphunzitsi sanawakalipire. Anangopukuta choko m'manja kwa nthawi yaitali. Pomaliza anati nthawi yatsala yochepa, ndipo mwanayo akapanda kuwerenga yekha, abwereza kalasi. Kumukweza chomwecho n'kumuponya m'madzi akuya. Anawonjeza chinthu chimodzi chokha: akadodoma, asamuuze. Amuleke alimbane nawo yekha.

Tsopano m'bandakucha wa panyumbapo ndi wina. Makala amayaka monga kale, Kanjiwa amakhala pa ndowa yake, chala chabwerera patsamba. Amayamba mawu, amakakamira pakati, amayambanso. Mai ake amawadziwa mawuwo, ndi otsatira ake, ndi tsamba lonse. Amawatentha m'kamwa ngati khala, koma amaluma mlomo n'kukanikiza simbi.

"Amayi, ndiuzeni. Inu mukudziwa."

"Yesanso, mwana wanga."

"Kale munkandiuza. Bwanji simukundikondanso?"

Tsiku limenelo anawotcha kolala ya malaya a kasitomala, chinthu chimene sanachitepo. Ndipo mwanayo akatulukira mawu ena amene sali m'mutu mwawo, a pachikwangwani kapena pa pepala lokulungira sopo, amawafunsa ngati walondola, iwo n'kusowa choyankha. Atelala anayesako kumuthandiza mwanayo masiku angapo, koma mtima wawo ndi waufupi. "Ine ndimasoka, achemwali, sindiphunzitsa. Mwanayu andiphetsa ndi mutu." Kukwaya Mai Simbi akupitabe, koma buku amalisiya lotseka pamiyendo. Mnzawo wina atafunsa, anati maso akuwavuta, ndipo usiku wake anapempha chikhululukiro chifukwa cha yankho limenelo.

Mayeso akuyandikira. Pokapereka zovala amadzera dala njira ya kusukulu, mtolo uli pamutu, n'kuchepetsa liwiro pageti. Nthawi zina amakumana ndi aphunzitsi aja. Amapatsana moni mwaulemu, aphunzitsi amati mwana akuyesako pang'ono, tisataye mtima, kenako belu limalira n'kuthamangira m'kalasi. Za nkhani ina ija satchula, ndipo Mai Simbi alibe nkhope yoikumbutsa.

Pakuti tsiku lija, atafika kale pakhomo la kalasi, anabwerera n'kupempha chinthu. Aphunzitsi anati zotero n'zofunika kufunsa kaye kwa akulu a sukulu, adzawauza. Pempholo linali ili:

"Aphunzitsi, simungandilole ndizidzakhala kumbuyo uko, pakona paja pali tsache? Sindidzayankhula, sindidzasokoneza ana. Ndingofuna ndione pomwe chala chimayambira."