Zipinda za Felesiya

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaona mabedi a hotela yathu ataunjikidwa panja ngati nkhuni. Chinali chaka chotsatira chisankho cha matipate. Hotela imene ndinkagwirako ntchito yokonza m'zipinda ku Senga Bay inali itagulidwa ndi anthu ena, ndipo eni atsopanowo anati zonse zikonzedwenso: matailosi agumulidwe, mabafa asinthidwe, makoma apakidwe penti. Ife oyala mabedi anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini.

"Pitani kaye kwanu," anatero kapitawo wathu. "Zipinda zikatha tidzaitana aliyense ndi dzina lake. Amene adzayankhe, ntchito ndi yake."

"Zidzatha liti, bwana?" ndinafunsa.

"Kafunseni simenti, mayi."

Anthu anaseka, ine ayi. Ufulu wolankhula tinali nawo, inde, koma sopo ndi ufa zinkakwera mtengo sabata iliyonse. Mwamuna wanga anali atanyamula maukonde ake kupita ku Nkhotakota, n'kukakwatirako wina. Pakhomo panali ana anga awiri, Chisomo ndi Tadala, amayi anga, ndi mng'ono wanga Maliya amene sukulu anasiyira panjira. Onsewo ankadya za m'manja mwanga. Kukhala pansi n'kumadikira penti kuti aume kunali kupha ana.

Anandithandiza ndi a Sumani, bambo wa ku Lifuwu amene ankanyamula mpunga ndi nsomba zouma kukagulitsa kwa Amalawi a ku Joni. Ndisanakwere galimoto yawo ndinamugwira Maliya pa mkono. Mwanayu ndinali nditamuphunzitsa ndekha kuyala bedi, pa matiresi akutha amene hotela inatigawira: kukoka shiti mpaka makwinya onse athe, kupinda pangodya ngati envelopu, pilo kumuyang'anitsa kukhoma mbali yotsegula.

"Ukangomva kuti akuitana mayina, uwauze a Sumani," ndinatero. "Ndidzabwera ngakhale wapansi."

"Ndamva, achemwali."

Ku Joni ndinapeza ntchito m'nyumba ya Amwenye. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, pamodzi ndi makina ochapira. Kuzizira kwa kumeneko sindinakuonepo chibadwire. Munthu wa kunyanja ngati ine ndinkavala madiresi onse nthawi imodzi. Mayi wa m'nyumbamo ankayamikira mmene ndinkayalira bedi, koma malipiro ankabwera tsiku limene iye wawakumbukira. Zimene ndinkatumiza kwathu zinkafika zitaonda, poti m'malire monse muli pakamwa pofuna kudyetsa. Miyezi ina sindinkatumiza kanthu, ndinkangouza a Sumani kuti akapereke moni.

Kusungulumwa kwake ndikanena lero anthu amaseka. Ndinkasowa mchenga. Ku hotela tinkatukwana alendo chamumtima chifukwa chobweretsa mchenga wa kunyanja m'mashiti ndi m'mabafa, koma ku Joni ndinkasesa nyumba yonse osapezamo ngakhale kamodzi, ndipo ndinkalira. Sabata imatha osalankhula Chichewa ndi munthu. Ndinkatchula mayina a ana anga mokweza ndikamasita, kuti pakamwa pasaiwale.

Chinkandilimbitsa mtima ndi chimodzi: ntchito yanga ikundidikira, ndidzabwerera kwa ana. A Sumani akabwera, funso langa linali lomwelo.

"Hotela ija bwanji?"

"Akumangabe, mayi. Ana ali bwino, Alhamdulillah."

Chaka chinatha, chachiwiri chinayamba. Ndinafika powafunsa ngati eni atsopanowo akumanga hotela kapena mzinda. A Sumani anangoseka akuyang'ana matayala a galimoto yawo. Lero ndimadziwa chifukwa chake sankandiyang'ana kumaso, koma nthawi imeneyo ndinkati ndi ulemu wa bambo wachisilamu.

Apolisi anandigwira Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi. Masiku a mu pasipoti yanga anali atatha kalekale. Anatisunga pamalo a anthu opanda mapepala, kenako anatibweza kuno. Zovala zanga, mabulangete amene ndinagulira ana, malipiro amene mayi uja anali asanandipatse, zonse zinatsala. Ndinafika ku Lilongwe ndi jumbo m'manja, ndipo ku Salima ndinafika pa lole ya makala nditachita kupempha. Njira yonse ndinkangopemphera kuti hotela ikhale isanatsegulidwe, kuti mayina akhale asanaitanidwe. Ndinalibenso china chimene ndikanaimirira nacho pamaso pa ana anga.

Sindinayambe ndafika kunyumba. Ndinalunjika ku hotela, ndipo ndili patali ndinaona mashiti oyera atayanikidwa pa zingwe. Mpanda unali watsopano, maluwa atakula kale, magalimoto a alendo ali mbwee pabwalo. 

Pageti panali a Phiri, mlonda wakale amene ankandidziwa bwino. Atandiona anadzuka mofulumira n'kundikokera kuseri kwa kanyumba kawo.

"Mayi a Chisomo, mwabwera liti? Chonde, musatchule dzina lanu pano."

"Dzina langa lalakwa chiyani?"

"Kapitawo uja anapuma pantchito. Mabwana onse ndi atsopano. Tiyeni kuno, mudzionere nokha."

Ananditengera m'kanjira ka kuseri mpaka ku zipinda zoyang'ana kunyanja, zomwe zinali zanga. Sindikanazizindikira. Matailosi oyera, galasi lalikulu, neti ya udzudzu yolendewera pa nsungwi zopakidwa vanishi. Koma bedi ndinalizindikira. Pangodya panali popindidwa ngati envelopu, pilo atayang'ana kukhoma. M'bafa munatuluka Maliya atanyamula matawulo, atavala yunifolomu ya buluu, pachifuwa pali kabaji kolembedwa dzina langa, FELESIYA.

Matawulo aja anawakumbatira ngati mwana.

"Achemwali," anatero chonong'ona.

"Iwe, dzina limenelo walitenga kuti?"

"Anaitana mayina mwadzidzidzi, achemwali. A Sumani anali atangonyamuka kumene. Amene sanayankhe ankamufufuta pomwepo, ndipo atsopano sankalemba. Amayi anati pita ukayankhe, nkhope sakuzidziwa. Anzanu onse anakhala chete."

"Nanga pambuyo pake? Miyezi yonseyi mukundiuza kuti akumangabe?"

"Tinkaopa kuti mukamva mubwera. Akaona nkhope ziwiri pa dzina limodzi, atichotsa tonse."

Ndinafuna kumumenya mbama, ndinene zoona. Chinandiletsa ndi mlendo wachizungu amene anadutsa pakhonde atavala kabudula, n'kumupatsa moni Maliya ndi dzina langa.

Kunyumba ndinapeza denga lofoleredwa bwino ndi udzu watsopano. Chisomo anali ndi nsapato za kusukulu. Tadala, amene ndinamusiya akuphunzira kulankhula, anandiyang'ana n'kubisala kuseri kwa agogo ake. Ndinamva kuti anadwala malungo mpaka kugonekedwa kuchipatala ku boma, m'miyezi imene ine ndinkatumiza moni wokhawokha. Anamunyamula ndi Maliya, ndipo thiransipoti ndi chakudya cha kuchipatalako zinachokera m'malipiro a hotela. Zimenezi zinandipweteka kuposa kabaji kaja.

"Sitinakubere, mwana wanga," anatero amayi. "Tinakusungira."

"Ndiye ndabwera. Ndipatseni."

Amayi anayang'ana Tadala. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ine langa ndinalisiya m'manja mwa anthu, iwo n'kulimasula chifukwa cha njala. Ndikanawaimba mlandu wotani? Koma mtima sumva zimenezo. Ndinali nditazizidwa zaka ziwiri kudikira ntchito imene inali itatsegulidwa kale.

M'mawa mwake ndinasamba, ndinabwereka chitenje cha amayi, n'kupita ku hotela ndi pasipoti yanga m'chifuwa. Ndinali nditatsimikiza kukauza mabwana kuti Felesiya weniweni ndine. Mwina akanandimvera chisoni. Mwina akanatithamangitsa tonse awiri, pamodzi ndi a Phiri ndi anzanga onse amene anakhala chete. Ndinkadziwa zimenezo, koma ndinkayendabe.

Pageti ndinapeza amayi angapo a m'mudzi ataima pamzere. Alendo anali atachuluka chifukwa cha tchuthi, ndipo mkulu watsopano woyang'anira zipinda, mayi wa ku Blantyre wovala magalasi, ankasankha anthu aganyu yochapa mashiti. Atafika pa ine anandiyang'ana m'manja.

"Inu munagwirapo ntchito ya m'hotela?"

"Eya, ndinagwirapo."

"Dzina lanu ndani?"

Kumbuyo kwake, pakhonde, Maliya anali ataima ndi ndowa ndi chokolopera, osagwedezeka. A Phiri anaweramitsa mutu. Pasipoti inkandikanda pachifuwa. Ndinakumbukira Tadala akudya phala la shuga m'mawa umenewo, akundiyang'ana cham'mbali.

"Maliya Banda," ndinatero.

Ndinachapa mashiti tsiku limenelo, ndipo m'madzi munatsala mchenga umene ndinkaulirira ku Joni. Ganyu ija inapitirira, kenako anandilemba ntchito m'chipinda chochapira, pa malipiro otsika kuposa a oyala mabedi. Kunyumba ndine Felesiya, ndipo Tadala anazolowera kunditchula amayi. Ndikangodutsa pageti ndine Maliya. Mkulu uja amandiuza nthawi zina kuti ndizionera kwa Felesiya mmene amapindira pangodya, mwina tsiku lina adzandikweza kupita kuzipinda. Ndimayankha kuti chabwino, madamu, ndiphunzira. Chimene sindinaphunzire mpaka lero ndi chimodzi: wina akakuwa kuti "Felesiya" pakhonde paja, ndimachita kulimbitsa khosi kuti lisatembenuke.