Tsiku Limene Ndinauza Amayi Kuti Akweze Manja

Ku Mtendere, kumene ndinakulira, tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo matenda anga aakulu anali chidwi. Amayi ankanditcha kazitape, chifukwa akuluakulu akangotsitsa mawu, ine ndinali nditafika kale ndi tsache, kusesa pamalo posesedwa.

Tsiku lina azakhali anga ananditenga ku kiliniki kuti ndikawanyamulire chikwama popita ndi mwana kusikelo. Tili pamzere, panatuluka namwino wina wamfupi atanyamula bere la nsalu. Linali losokedwa bwinobwino, lofiirira, ndi nsonga yake yomwe. Azimayi anaseka akubisa nkhope m'zitenje. Ana tinauzidwa kuti tikasewere panja, koma ine ndinakakamira kuseri kwa benchi ngati nkhupakupa.

Bere lija linayenda m'manja mwa mayi aliyense. M'kati mwake anasokereramo kanthu kolimba ngati nyemba, ndipo aliyense anayenera kukapeza ndi zala zitatu zogoneka, kuyenda mozungulira mpaka kukafika kukhwapa. Namwinoyo anati khansa imakonda kubwera mwakachetechete. Mwina ndi chotupa cholimba chosapweteka, mwina khungu limalowa m'kati kapena limachita timaenje ngati khoko la lalanje. Nthawi zina nsonga ya bere imabwerera m'kati, kapena imatulutsa magazi. Anati munthu aziimirira, akweze manja, adziyang'ane. Ine zonsezi ndinazimeza kuposa mmene ndinkamezera masamu.

Nditafika kunyumba ndinalowa m'bafa yathu yotchinga ndi masaka, n'kudziyesa. Ndinakapeza. Pansi pa nsonga yakumanzere panali kanthu kolimba ngati batani. Ndinangoti basi, ndi khansa. Sabata yonse ndinayenda ndi imfa yanga ndekha, osauza munthu. Ndinafika popatsiratu mng'ono wanga mikanda yanga, iye n'kulandira mosafunsa n'komwe chifukwa chake, zomwe zinandiwawa koposa.

Loweruka masana, amayi akusita zovala za kutchalitchi ndi simbi yamakala, ndinalephera kupirira. Ndinawauza ndikulira. Anaika simbi pansi, anandigwira pachifuwa, kenako anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Iwe Tisa, ni mabele chabe aya, yayamba kumela. Wakula, mwana wanga."

Mtima unakhala pansi, koma manyazi anandigwira, ndipo manyazi a mwana sachedwa kusanduka makani. Ndinafuna kuwaonetsa kuti sindinalire zopusa. Ndinawafunsa ngati iwo anayamba adziyang'anapo. Ndinkadziwa kuti ayi, poti galasi lathu linali kachidutswa kongokwana nkhope, ndipo kubafa munthu ankasamba mothamanga, anzake a lendi akudikira ndi ndowa panja.

Tsiku limenelo anali osangalala, ndiye anandilola kuti ndiwayang'ane. Anatseka chitseko, anavula bulauzi, nakweza manja akumwetulira.

"Onani kansi, ba dokota."

Ndinayang'ana mofatsa, monga anachitira namwino uja. Lakumanzere linali bwino. Koma lakumanja, cham'mbali kuyandikira kukhwapa, khungu linalowa m'kati pang'ono, ngati wina walikoka ndi ulusi kuchokera m'kati. Ndinawauza kuti atsitse manja, kadzenje kaja kanasowa. Atakwezanso, kanabwerera. Kunena zoona, poyamba sindinachite mantha. Ndinangodabwa kuti chinthu chingabisale chonchi pathupi la munthu, mwini wake osachiona. Ndinagoneka zala zitatu pamenepo. Pansi pake panali cholimba, chosasuntha, chosiyana ndi changa chija chimene chinkapweteka ndikachikhudza.

"Chibaba, bamami?" ndinafunsa ngati chikuwapweteka.

"Iyayi, sichibaba. Nichakudala ichi, nenze kuchimvela posamba. Chizasila cheka," anatero, kutanthauza kuti chidzatha chokha.

"Ba sisita benze kukamba ati chamene sichibaba, musachilindile," ndinawakumbutsa mawu a namwino uja.

Kumwetulira kuja kunatha. Anavala bulauzi n'kubwerera pa simbi, koma makala anali atazima ndipo iwo anapitiriza kusita osazindikira. Apo m'pamene ndinaopa.

Lolemba anapita ku kiliniki ndi azakhali. Kumeneko anawatumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe anawayeza n'kupeza kuti inalidi khansa. Bere lija analichotsa. Inatsatira miyezi ya mankhwala, kusanza ndi kuthothoka tsitsi, ndipo ine ndinaphunzira kuphika msanga kuposa anzanga. Madokotala anawauza kuti anachita bwino kubwera isanafalikire.

Masiku ano zinthu zinasintha. Nkhani ya mabere imakambidwa pawailesi masana, ili pa mafoni, ndipo magalasi aatali akugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Komabe ndikamacheza ndi anzanga a msinkhu wanga, ambiri akudikirabe kuti chotupa chiyambe chapweteka kaye, ndipo zimandikwiyitsa.

Amayi alipo, akalamba, akadali ku Mtendere komweko. Sanandithokozepo ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Kukabwera alendo amangondiloza n'kunena kuti, "Uyu ndiye mwana alibe ulemu, anavulisa amai bake masana." Alendo amaseka, ine ndimayang'ana pansi. Koma akamanena zimenezo amakhala atandigwira dzanja, ndipo sataya msanga.