Mvula Imene Ndinasema pa Mphira ya Dalitso

Usiku watha ndinalota zondichititsa manyazi, koma mumudziwe kaye Dalitso. Ine ndi iyeyu tinaphunzira limodzi kusema zithunzi pamphira, kupaka inki n'kudinda papepala posisita ndi kumbuyo kwa supuni. Wodziwa ndinali ine, kafunseni aliyense. Lero mnzangayo amasoka yekha mabuku a zithunzi, mapepala ake a makungwa a nthochi, anthu n'kumalimbirana. Ine ndimadinda nkhope za omwalira pamatisheti a maliro ku Ndirande. Loweruka lino akuonetsa ntchito zake ndipo wandiitana, koma sindinamuyankhe. Nsanje ndili nayo, sindibisa.

Ndiye kutuloko ndinapezeka m'holo yaikulu, mabuku a Dalitso atayanikidwa pachingwe ngati zovala, akudzitsegula okha. Anthu onse anavala matisheti anga amaliro, koma panalibe ngakhale mmodzi wondipatsa moni. Mayi anga analinso momwemo akukazinga mandasi, akuuza alendo kuti, "Mwana wangatu uyo," uku akuloza Dalitso. Mtima unandiwawa koopsa.

Kenako holo ija inasanduka kalasi yathu yakale. Patebulo panali mphira yake yomaliza, atasemapo phiri la Ndirande ndi nyumba zake, koma asanadinde. Pantchito yathuyi chimene wadula sichibwereranso, ndipo malo odulawo amatuluka oyera papepala. Ndinatola tchizulo chosemera n'kuyamba kuikanda mphirayo mwaukali, kuchoka pamwamba mpaka pansi, mpaka dzanja linachita dzanzi. Ndinati aone polekera.

Ndiye Dalitso analowa ndi chigulu cha anthu a m'holo chija. Sanaone kanthu. Anapaka inki, n'kuyala pepala, n'kundipatsa supuni. "Sisita iwe aise, dzanja lako ndi labwino." Ndinasisita thukuta lili kamukamu. Titanyamula pepala, mikwingwirima yanga yonse inali itasanduka mvula yoyera, ikugwa chopendekera paphiripo, yokongola moti anthu anatambasula maambulera. Inayambadi kudontha kuchoka papepala, mafuta a mandasi n'kumathetheka. Bambo wina anafuula kuti, "Mvula imeneyi munaiganiza bwanji, a Dalitso?"

Iye anandiyang'ana, akumwetulira, n'kutulutsa pensulo yolembera dzina pansi pa chithunzi. Sindinadziwe ngati akundipatsa kapena akungondionetsa. Nditangotambasula dzanja, mkazi wanga anandigwedeza kuti ndidzuke, akuti anamfedwa afika kudzatenga matisheti awo.

Tsono anzanga, tandimasulireni. Chikundipweteka n'chakuti papita zaka ndisanaseme chinthu chokongola ngati mvula ija, ndipo ndinaisema ndi mtima woipa, pamphira ya mwini wake. Kodi malotowa akundiuza kuti Loweruka ndipite, kapena ndikhale kunyumba ndinole tchizulo changa chimene chinachita dzimbiri?