Bu Lidwina Partinah ndi Nthenga Imene Inakhudza Tsitsi

Romo, wansembe wathu, andipempha kuti ndilembe za Bu, kapena kuti Mayi, Lidwina Partinah m'kalata ya parishi ya mwezi uno, popeza masiku makumi anayi chimwalirire akwana Loweruka. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekera kupulayimale ndipo pakamwa panga sipadziwa kukometsa. Anati ndilembe momwemo. Ndiye amene apse mtima asakavutitse Romo, abwere kwa ine Skolastika Ngatemi, nyumba mukuidziwa.

Partinah anabadwira kuno ku Klaten, mwana wachitatu wa Pak Wiro amene ankapanga timipira ta nthenga ta badimintoni pakhonde pake. Ukaristia woyamba tinalandira tsiku limodzi. Ntchito yake ali wamng'ono inali kusankha nthenga za atsekwe. Kampira kamodzi kamalowa nthenga khumi ndi zisanu ndi imodzi, zonse za phiko limodzi. Tsiku lina za kumanzere zinaperewera imodzi, ndipo iye, mtima uli kosewera, analowetsa ya kumanja. Bambo ake sanamumenye. Anangotenga kampirako n'kukamenyera m'mwamba, ndipo kanatsika kakudzandira ngati chidakwa.

"Ine sindinakuone, mwanawe," anatero Pak Wiro. "Koma mphepo sungainamize."

Mawu amenewa Partinah anafa nawo.

Anaphunzirira kusewera kuseri kwa tchalitchi, ukonde wake chingwe choyanikira zovala. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi ankapalasa njinga mpaka ku Solo kukaphunzira kwa odziwa, n'kubwerako osaphonya kolona ya kumphakati. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anaitanidwa ku Jakarta, kutimu ya dziko. Kumeneko anamupatsa mnzake wosewera naye awiriawiri, Murtini, mtsikana wa ku Tegal amene ankadyetsa azing'ono ake asanu ndi dzanja lake lamanjalo. Anakasewera ku Malaysia, ku Japan, ku India, ndipo mendulo ankabwera nazo. Akatsika ndege, anzake ankafunsa komwe kuli masitolo, iye ankafunsa komwe kuli Misa. Mpaka anamutcha Sisitere.

Chiyeso chinamupeza ku Ulaya ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, pamasewero omaliza a mpikisano waukulu. Athuwa anatsala ndi pointi imodzi kuti atenge chikho. Mzungu wa mbali inayo anamenya mwamphamvu, kampira kanadutsa pamutu pa Partinah n'kukagwera kunja kwa mzere. Woimbira anati athu apambana. Murtini anali atalumpha kale. Koma Partinah anaima chilili, anakweza dzanja, n'kuloza tsitsi lake lalitali loluka lija. Lamulo limati kampira kakakukhudza, ngakhale pachovala, walakwa ndiwe. Woimbira sanaone, azungu aja sanaone, chithunzi panalibe. Anabweza pointiyo, masewero anapitirira, athu anagonja.

Atabwerera ku Jakarta, akuluakulu a timu anawaika pampando mmodzimmodzi. Partinah anati, "Kanandikhudza." Murtini anati, "Ine sindinaone kanthu." Basi, mphekesera inayamba kuyenda, yakuti otchova juga anamupatsa Partinah kenakake kuti agulitse chikho. Sanamupeze ndi mlandu, koma sanamuitanenso. Anabwera kuno ndi sutikesi imodzi.

Tsopano ndinene za ife. Chaka chomwecho Pak Wiro anaika simenti pansi m'nyumba mwake. Ndikukumbukira kumsika, pogula tempe, ndiwo yathu ya soya ija.

"Mwaiona simenti ya kwa Wiro?"

"Eee, nthenga za tsekwe zayamba liti kubereka simenti?"

"Nanga si Sisitere uja? Kolona kudzanja ili, envulopu kudzanja ilo."

Ndinaseka nawo. Sindibisa. Malemu mwamuna wanga anali atabetcha njinga yake pamasewero amenewo, ndipo anayenda pansi chaka chathunthu akutukwana dzina la Partinah. Taganizani, munthu wajuga kumakwiyira mnzake kuti wagwirizana ndi ajuga! Simenti ija anagula ndi mchimwene wake wa Partinah amene ankagwira ntchito padoko ku Semarang. Tonse tinkadziwa. Koma zimenezo sizinkakoma pakamwa.

Panali mnyamata wa ku Delanggu amene anamufunsira Partinah. Makolo ake atamva nkhaniyi, ulendo unathera panjira. Partinah sanakwatiwe. Anakhala pakhonde la bambo ake kusankha nthenga, ndipo bambowo atachita khungu ankawatsogolera ku Misa ya m'mawa zaka khumi ndi chimodzi. Ankasesa m'tchalitchi, ankachapa nsalu za paguwa, madzulo ankaphunzitsa atsikana kuseri kuja osalandira kanthu. Amayi ena ankabwera kudzaima pamthunzi, ati kudzaonerera, koma ankadzamvetsera ngati akuphunzitsa ana awo kugulitsa masewero.

Chimene chinamupweteka kwambiri ndichidziwa, chifukwa woyamba kumubaya nacho ndine. Mwana wanga woyamba atabadwa, Partinah anasoka kadiresi koyera ka ubatizo. Tinalonjezana tili atsikana kuti aliyense adzakhala mayi wa ubatizo wa mwana wa mnzake. Mwamuna wanga anati, "Amene uja aimirire mwana wanga pamaso pa Mulungu? Adzamugulitsanso." Ine ndinasankha wina. Partinah anabweretsabe kadiresiko, ataita kusita, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi.

Zaka zoposa makumi anayi, m'parishi muno mwabatizidwa ana osawerengeka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamupempha Partinah kuti akhale mayi wa ubatizo. Nsalu yopukutira mitu ya anawo ankachapa ndiye.

Tsiku lina ndinamufunsa maso ndi maso, tikupala chinangwa. "Iwe Par, tiuze zoona tisanafe. Unalandira kapena sunalandire?"

"Kanandikhudza, Ngatemi."

"Nanga mnzako bwanji sanaone? Anali ku Tegal nthawi imeneyo?"

"Kamufunse mwini wake. Pala bwino apo, ukutaya chinangwa."

Ndinapita kunyumba ndikuti, mwaona, akuzemba.

Anayamba kudwala impso chaka chatha. Sabata yake yomaliza tinkasinthana kumudikirira, ndipo Lachitatu masana, ine ndili pomwepo, panaima galimoto yakuda. Munatuluka mayi wonenepa, wa mpango wa silika, akuyenda ndi ndodo. Ndinamutsekereza pakhomo.

"Mukufuna ndani, Bu? Ngati ndinu a nyuzipepala, mwachedwa zaka makumi anayi."

"Ndine Murtini."

Ndinamuyang'ana m'manja kuti ndione chimene wabwera kudzatenga. Analibe kanthu. Partinah anamva mawu ali m'kati.

"Mlowetse, Ngatemi. Mur, wanenepa chonchi, ungalumphenso iwe?"

Murtini sanaseke. Anagwada movutikira pambali pa bedi.

"Par, ndinaona. Ndinaona tsitsi likugwedezeka, ndinamvanso kuti tswa. Ndinakunong'oneza kuti tsitsa dzanjalo, chitsiru iwe. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka. Unanditsinanso."

"Bwanji sunawauze akuluakulu aja? Ukanangonena kuti ndinakuuza ukhale chete, akanadziwa kuti ndinaona."

"Akanakuchotsa iwe. Azing'ono ako aja akanadya chiyani? Ine kwathu kunali nthenga."

Kenaka Partinah anandituma kuti nditenge chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa chithunzi cha Amayi Maria. Chitini chimenecho amayi a kumphakati tinachinena zaka zambiri, ati ndimo mukhala zotsala za envulopu ija. Ndinatsegula. Munali kampira kakale kachikasu, ndipo paulusi womanga nthenga panakodwa katsitsi kamodzi kakuda, kakatali.

"Ndinakatola tsiku lomwelo," anatero Partinah. "Sindinasungire anthu. Masiku ena nanenso ndinkayamba kukukhulupirirani, ndiye ndinkatsegula n'kuona. Mur, wadya? Ngatemi, mpatse tiyi mlendo, usamuyang'ane ngati wakuba nkhuku."

Ine tiyi sindinapereke msanga. Ndinamuuza Murtini kuti zonong'ona kuchipinda anazichita kale ku Ulaya, apa ayembekeze anthu. Anayembekeza. Madzulo a mphakati atasonkhana kudzapemphera kolona, anaimirira ndi ndodo yake n'kubwereza mawu onse. Ena anayang'ana pansi, pasimenti yomwe ija.

Lachisanu m'mawa Romo anamudzoza mafuta a odwala n'kumupatsa Ukaristia. Ndinamugwira dzanja, ndinati, "Par, za kadiresi kaja." Anati, "Kanamukwana bwino mwanayo." Tinayamba Tikuoneni Maria, ndipo tisanafike pakati anangotsitsa mpweya ngati munthu wotula mtolo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Romo akufuna ndinene chitsanzo chimene watisiyira. Nachi. Ananena zoona kamodzi pamene palibe akanamugwira, ndipo anakhala chete moyo wonse kuti mnzake asagwe. Ife tinamulipira ndi tsache losesera m'tchalitchi.

Kadiresi kaja ndinakasunga. Lamulungu likudzali akavala mdzukulu wa mwana wanga, ndipo dzina lake la ubatizo ndi Lidwina. Ndamva kale kumsika kuti ena akuti tsitsi lija Partinah anakulunga yekha, ndipo Murtini anachita kupatsidwa kenakake kuti adzanene. Inu Bu amene mukufalitsa zimenezi, mawu anu ndawazindikira, mumakhala pabenchi yachitatu kumanzere. Mudzabwere Lamulungu. Ndidzakusungirani malo kumbuyo kwenikweni, pamene ankakhala iye.

Mzimu wa Lidwina Partinah uuse mumtendere, kumene mphepo yamuchitira kale umboni.